Mavoti Ochepa Aja ndi Madzi a Lachinayi

Chiyambire kuvota kwa zipani zambiri, palibe chisankho chomwe sindidakopere zotsatira zake. Senta yathu ndi sukulu ya pulaimale ya m'munsi mwa phiri, kuno kumbali ya Mphunzi, komwe ndidaphunzitsa mpaka kupuma. Akamaliza kuwerenga mavoti amamata pepala la zotsatira pachitseko cha kalasi, ndipo ine m'mawa mwake ndimalawirira ndi kope ndi bolopeni, mphepo isanalithothole. Ndimakopera zonse: olembetsa, ovota, mavoti owonongeka, a pulezidenti, a phungu, a khansala. Ndikafika kunyumba ndimawonkhetsa ndekha kuti ndione ngati zikugwirizana. Makopewa ali m'sutikesi yachitsulo, pamodzi ndi ziphaso zanga zovotera ndi masamba a nyuzipepala oonetsa mapu a dziko, boma lililonse lopakidwa mtundu wake.

Mapu amenewo amandinyansa. Dedza yonse amaipaka mtundu umodzi, kuyambira kumalire a Mozambique mpaka kutsikira kuchigwa, ngati tonse tili ndi chala chimodzi. A pa wailesi nawo amati kuno ndi kuchipinda kwa chipani chakutichakuti. Sindikukana, ambiri amavotadi mbali imodzi, ndipo makope anga akuvomereza. Koma m'makope omwewo muli mzere wina umene wopaka mapu sauona. Chisankho chilichonse, pa senta yathu pamapezeka mavoti ochepa opita mbali ina. Nambala yake sindiilemba muno, chifukwa ndi imene idapweteketsa mwana wa mlongo wanga.

Mlongo wanga adakwatiwa ndi munthu wa kumwera, amene adabwera ali mnyamata kudzacheka matabwa m'nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza. Adakhala zaka zambiri m'nyumba za kuntchito, ndipo alamu angawo atapuma adadzamanga m'mudzi muno pa chikamwini. Mlongo wanga atamwalira, ana adakana kuti bambo awo asudzulidwe, choncho adatsala. Pa maliro salephera. Mabenchi a kutchalitchi adacheka ndi iwo. Chichewa chawo chidatsala ndi kalilime ka kwawo, ndipo anthu amakaseka mwachikondi, kapena ine ndinkaona ngati ndi mwachikondi.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, ndiye amalima dimba lomwe adasiya mayi ake. Amabzala kachewere wa mthirira. Madimba athu onse amamwa ngalande imodzi yomwe tidapatutsa ku mtsinje, ndipo madziwo sakwanira onse nthawi imodzi. N'chifukwa chake tili ndi kalabu, ndipo khomo lililonse lili ndi tsiku lake. Tsiku lako likafika umachotsa thumba la mchenga pamphambano ya ngalande, madzi n'kulowa kwako, dzuwa likapendeka n'kutsekanso. Langa ndi Lolemba. La mwana wa mlongo wanga linali Lachinayi. Wapampando wa kalabuyo ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali anga, munthu amene takhala tikunyozana naye kuyambira tikuweta mbuzi.

Chisankho chapitachi chidagwa nyengo yadzuwa, kachewere wa m'madimba ali pafupi kuchita maluwa. Boma lathu lidavota monga mwa kale. Koma zotsatira za dziko lonse zitatuluka, amene kuno adamuvotera mwaunyinji adagwa. M'mudzi mudalowa chisoni chaukali, chofuna munthu wochikhuthulira.

Kuno tili ndi kawerengedwe kathu ka pepala la pachitseko. Nambala yaikulu anthu saiyang'ana kawiri, amaidziwa kale. Amayang'ana yaing'onoyo, n'kuyamba kuigawa m'makomo. M'mawa umene ndinkakopera, kumbuyo kwanga kudaima amuna angapo, ndipo mmodzi ankapinda zala: "Mdala wa matabwa uja. Mwana wake wamkulu ndi mwamuna wake. Ana ake aamuna awiri aja." Adapitiriza mpaka zala zidagwirizana ndi pepala. "Basi, zakwana," adatero. Ndidatembenuka n'kumuuza kuti masamu otero akadandilembera m'kalasi ndikadam'bweza. Adaseka, inenso ndidaiwalako. Apo ndidalakwa, chifukwa tsiku lolengeza zotsatira za dziko litafika, masamu aja anali atafika kale pakhomo lililonse ngati chinthu chotsimikizika.

Lachinayi lotsatira mwana wa mlongo wanga adalawirira kukachotsa thumba, n'kupeza madzi akulowa kale m'dimba la munthu wina. Adamuuza kuti mndandanda wasintha, adikire. Adadikira sabata yathunthu. Lachinayi lachiwiri adam'bwezanso. Ndipamene adabwera kwa ine, n'kukhala pansi pakhonde, khasu lili m'manja.

"Amalume, kachewere wanga wayamba kugona masana. Akapanda kumwa sabata ino ndiye kuti ndalimira dzuwa."

"Akuti walakwa chiyani?"

"Sakunena. Akungoti ndikafunse abambo."

Ndidavala jekete n'kupita kwa msuweni wanga. Ndidawapeza akusoka matumba pansi pa mtengo wa pichesi.

"Asuweni, mwavala jekete masana ano, kwagwa maliro kapena mwapeza mkazi wachiwiri?"

"Ndabwera za madzi a Lachinayi."

"Madzi achepa chaka chino. Inunso mukuona mtsinje."

"Amachepa Lachinayi lokha?"

Adapitiriza kusoka. Kenako adati, "Si apambana? Awabweretsere mpopi amene adawavoterawo. Ngalande iyi tidakumba ndife."

"Alamu anga adakumba nawo. Ndili ndi pepala la mayina a onse amene adakumba. Lanu lilipo masiku awiri okha, kenako mudadwala msana."

"Inu ndi mapepala anu. Tsiku lina mudzafunda omwewo." Adaluma ulusi. "Ine ndekha sindingasinthe. Anthu akwiya. Bwerani Loweruka ku msonkhano, mudzawauze nokha."

Pobwerera ndidadzera kwa alamu anga. Anali akunola sowo yomwe sachekeranso kanthu. Maganizo anga anali akuti akangonena poyera kuti adavotera kumene mudzi udavotera, nkhani itha. Ndidawafunsa mozungulira, kenako molunjika.

"Alamu, mudachonga pati?"

Adaika sowo pansi. "Nanunso, alamu?"

"Ndikufuna ndikakuyankhulireni."

"Mlongo wanu ndidamuika m'dothi lino. Ana anga adabadwira kuno. Lero ndikaime pagulu ndizidzivula kuti aone ngati ndine munthu wawo? Akatero chaka chino, chisankho china adzafuna ndiwaonetse pepala lenilenilo. Ayi, alamu. Kumene ndidachonga ndikudziwa ndine."

Mpaka lero sindidziwa kumene adavotera. Ndikulemba izi kuti wina asadzanene kuti ndinkadziwa.

Lachisanu lonse ndidalitha pamphasa ndi makope. Ndidapeza zimene ndinkafuna, ndipo ndidaika timapepala m'masamba kuti ndisadzachedwe kutsegula. Mayi akunyumba ankandiyang'ana akusenda nyemba.

"Bambo, mukapita ndi sutikesi anthu akakusekani. Pitani ndi pakamwa pokha, mukawapepese."

"Ndikapepese chiyani? Walakwa ndani?"

"Mwana akufuna madzi. Inu mukufuna kupambana mlandu."

Ndidapitiriza kuika timapepala m'masamba. Panali china chomwe sankachidziwa, ndipo ine ndinkayembekeza kuti makope andipulumutsa kuti ndisachinene. Mwa mavoti ochepa aja, imodzi inali yanga. Sikanali koyamba. Ndidayamba kalekale, nditaona kuti ofuna mavoti amabwera kuno mochedwa n'kuchoka msanga, chifukwa amadziwa kuti kuno n'kwawo kale. Mlatho wa pa mtsinje wathu ndili nawo m'timapepala ta malonjezo ta zisankho zingapo, koma nyengo yamvula timawoloka titakwinya mathalauza. Ndidaganiza kuti pa pepala la pachitseko pazioneka kuti si tonse ogwidwa kale. Sindidauze munthu, ngakhale mkazi wanga, ndipo lamulo silindikakamiza kuuza munthu.

Loweruka masana tidakumana pamphambano ya ngalande, pomwe timakumana nthawi zonse. Amayi adakhala mbali yawo, abambo pamiyala. Mlembi wa kalabu, mayi wachitsikana amene ndidam'phunzitsa kulemba ine ndemwe, adatsegula buku lake. Alamu anga sadabwere. Mwana wawo adakhala kumapeto, yekha, ngati pali mpata wosiyidwa dala. Nditatsitsa sutikesi panjinga, msuweni wanga adati, "Apatseni malo, afika ndi ofesi yonse." Anthu adaseka, monga adanenera mayi akunyumba.

Ndidayamba ndi makope akale. Ndidawaonetsa kuti mavoti ochepawa analipo pa senta yathu alamu anga akadali m'nyumba za kuntchito kuphiri, akuvotera senta ya komweko. Sanali m'kaundula wathu, koma mzerewo unalipo, chisankho ndi chisankho, nthawi zina wokulirapo kuposa wa chaka chino. Ndidayendetsa kope kuti aone ndi maso awo. Lidadutsa m'manja angapo n'kubwerera lili chozondoka.

"Nthawi imeneyo kunali aphunzitsi achilendo pasukulu," adatero bambo wina. "Anali amenewo."

Ndidawauza kuti mwa anthu amene adawapindira zala pachitseko paja, awiri ndi anyamata amene adalembetsa ku Lilongwe komwe amagwira ganyu, ndipo kuno sakadavota ngakhale akadafuna. Ukawachotsa, masamu aja agwa.

"Adabwera sabata ya chisankho, tidawaona," adatero wina.

"Adabwera itatha. Adadzatenga chimanga."

"Nanga inu mumagona kwawo?"

Apa ndidapsa mtima, ndipo ndidatsegula tsamba limene ndikadayenera kulisiya. Ndidawawerengera olembetsa, kenako ovota, n'kuwauza kuti achotsere okha. Anthu amene adalembetsa koma sadapite kukavota anali ochuluka kwambiri kuposa mavoti ochepa amene tinkakanganiranawo. "Ngati mukufuna amene adakugwetsani pa senta ino," ndidatero, "yambani ndi amene adabwera madzulo zala zili zoyera, zopanda inki yovotera. Asuweni, ana anu awiri tsiku limene lija anali kumsika ndi tomato. Madzi anu atsekedwa liti?"

Zinali zoona, ndipo ndikadabwereza lero zikadakhalabe zoona. Koma panali makomo ambiri pamenepo amene anali ndi zala zoyera, ndipo onse adamva kuti ndikunena iwo. Kudabuka phokoso. Mayi wina adati ndazolowera kukalipira ana m'kalasi. Wina adati penshoni yandilowa m'mutu. Msuweni wanga sadaseke. Adadikira phokoso lithe, n'kunena motsitsa mawu:

"Aphunzitsi, mwatiwerengera zambiri. Funso ndi limodzi. Mavotiwo alipo, sadagwe ndi mvula. Ngati si a khomo lija, ndi a yani?"

Ndidayang'ana mwana wa mlongo wanga. Anali ataweramitsa mutu, akukumba pansi ndi kamtengo. Kumbuyo kwake dimba lake linkaoneka bwinobwino, mizere ya kumtunda itayamba kale chikasu pakati pa madimba obiriwira.

"Imodzi ndi yanga," ndidatero. "Ndipo siyoyamba. M'makope onsewa, pa mzere umenewu, muli voti yanga. Ngati voti ndiyo imatseketsa madzi, tsekani Lolemba."

Ndinkayembekeza zinthu ziwiri. Mwina achita manyazi, kapena wina mwa eni ake a mavoti otsalawo, amene ndikutsimikiza kuti anali atakhala pomwepo pamiyala, adzuka nayenso. Palibe adadzuka. Ndidawayang'ana mmodzimmodzi, ena ndidawaphunzitsa, ena tidavinidwa limodzi, ndipo aliyense anali ndi chochita ndi zikhadabo zake.

Msuweni wanga adapukusa mutu. "Chabwino, tachotsa imodzi. Otsalawo?"

"Ndiye kuti adawaphunzitsa ndi alamu awo," adatero bambo wa zala uja. "Tsiku ndi tsiku amakhala limodzi pakhonde."

Pamenepo anthu adavomereza ndi mtima wonse, ngati wawamasulira chinthu chovuta. Ine amene ndidayamba kuvota motero alamu anga asanamange n'komwe m'mudzi muno, ndidasanduka mwana wonamizidwa ndi mlendo. Chinsinsi changa cha zaka zonsezi ndidachitaya pamiyala paja, ndipo chidangowonjezera mlandu pa munthu amene ndinkamuteteza. Ngakhale madzi anga sadawatseke. Wina adati, "Aphunzitsi ndi athu, asiyeni, akalamba." Mawu amenewo adandiwawa kuposa onse, chifukwa adaonetsa poyera kuti nkhani sinali ya voti.

M'sutikesi munali pepala limodzi lotsala, ndipo ili lokha ndilo lidagwira ntchito. Anali malamulo a kalabu, amene ndidawalemba ndi dzanja langa pomwe tinkayamba, onse n'kudinda zala. Muli ndime yakuti munthu akhoza kubwereketsa tsiku lake kwa mbale wake, bola anene pamsonkhano. Tidaiyika poganizira odwala ndi ofedwa. Ndidaiwerenga mokweza, n'kuuza mlembi alembe kuti kuyambira mkuja, madzi a Lolemba azilowa m'dimba la mwana wa mlongo wanga.

Msuweni wanga adatenga pepalalo, adaliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, napeza chala chake chomwe. "Madzi anu," adatero. "Mukafuna muwamwe, mukafuna muwataye."

Kunyumba nkhani idafika ine ndisanafike. Mayi akunyumba sadandifunse za madzi, ngakhale kuti anyezi ndi kabichi wa m'dimba lathu anali ntchito ya manja awo. Adafunsa china.

"Zaka zonsezi timapita limodzi pamzere, inu n'kumabwerako osanena kanthu?"

"Voti ndi yachinsinsi."

"Yachinsinsi kwa ine. Kwa mudzi wonse ayi."

Masabata otsatirawo ankatunga madzi kumtsinje ndi keni, kukwera nawo mtunda, ine ndikuwathandiza mmene msana unkalolera. Anyezi tidapulumutsa. Kabichi adauma. Pamaliro ena amene adagwa mwezi womwewo, nditafika pomwe padakhala amuna anzanga, nkhani idaduka, n'kuyamba ina ya mitengo ya feteleza.

Lolemba loyamba ndidapita ndekha kukachotsa thumba, kuti pasakhale wonena kuti mwanayo waba madzi. Dothi lidamwa ngati mchenga. Mizere ya kumunsi idadzuka patapita masiku. Ya kumtunda, imene idagona nthawi ya maluwa, idapereka tikachewere tonga mazira a nkhunda, tosagulika, ndipo iyo ndiyo inali yochuluka.

Mkwiyo wa mudzi udazilala wokha, monga umachitira. Mvula ili pafupi, madzi a ngalande asakufunidwanso kwenikweni, msuweni wanga adatuma uthenga kuti Lachinayi labwerera kwa mwini wake. Ndidapita kwa mlembi kukapempha kuti ndikopere zomwe adalemba. Adazengereza, koma adandipatsa buku. Munalembedwa kuti khomo lija labwezeretsedwa pa mndandanda amalume awo atapepesa pagulu.

"Ndidapepesa liti?"

Adayang'ana pansi. "Aphunzitsi, adandiuza kuti ndilembe choncho kuti anthu asadandaule."

"Nanga chifukwa chotsekera madziwo chalembedwa pati?"

"Sichidalembedwe."

Ndidatsegula masamba onse. Malinga ndi bukulo, palibe adatsekeredwa madzi chifukwa cha voti. Pali khomo limene lidachoka pa mndandanda popanda chifukwa, ndi nkhalamba imene idapepesa. Ndidalembera kalabu kalata yopempha kuti akonze ndimeyo, n'kusunga kope lake. Msuweni wanga adaiwerenga nditaima pomwepo, adaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya. "Asuweni, madzi abwerera. Mukufunanso chiyani, bendera?" Ndimeyo ikadali momwemo.

Mwana wa mlongo wanga adabwera atakumba, ndi kadengu ka kachewere wa kumunsi, wosankha. Adakaika pakhonde, nagwada kuthokoza mayi akunyumba poyamba, ndipo adachita bwino. Ine ndidayamba kumuuza za bukulo, kuti sindidzaleka mpaka alikonze, kuti chisankho chikubwerachi ndidzakopera pepala anthu asanafike ndi zala zawo. Adandimvetsera mwaulemu mpaka ndidamaliza.

"Amalume, musavutike. Ine sindidzalembetsanso. Mwamuna wanga nayenso. Tagwirizana."

"Ukunena chiyani iwe? Ndi ufulu wako."

"Dzina langa likapanda kukhala m'kaundula, adzandipindira chala bwanji?"

Ndidamuuza kuti adawerengera anyamata amene sanali m'kaundula n'komwe, ndiye kusalembetsa sikudzamuteteza. Adavomera kuti n'zoona. Adati komabe tsiku lovota adzakhala m'dimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, poonekera, kuti aliyense wodutsa adzaone chala chake. Ndidafuna kumuyankha monga mphunzitsi, koma adali atanyamuka kale, akukutumula kadengu.